Wodikira opaleshoni musamuwerengere maliro

Akonzi,

Ndi Lachitatu usiku, 2 koloko yadutsa kale, ndipo ine ndakhala tsonga pabedi m'kachipinda kanga ka kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Cosmo City, kuno ku Joni. Tulo tandikana. M'malo momangotembenuka, ndati bola ndikulembereni. Lachisanu la sabata yamawa madokotala anding'amba pakhosi kuti achotse chithokomiro chomwe ndayenda nacho zaka 6.

Ndine mayi wa zaka 46, kwathu ndi ku Mulanje, cha ku Chitakale. Ndinabwera kuno mu 2011 ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg masiku anayi pa sabata. Chotupachi chinayamba ngati mtedza, lero chafika ngati peyala laling'ono. Ndikagona chagada ndimamva ngati wina wandidina chala pakhosi, ndipo mbamu ya nsima ndimaimeza ndi madzi. Anandiunika ndi sikani, anabaya kasingano n'kutengako pang'ono kukayeza, akuti si khansa. Koma chikupanikiza njira ya mpweya, ndiye palibe kuchitira mwina.

Ine ndinkadziyesa wolimba mtima. Ndabereka ana atatu, ndinaika mwamuna wanga m'manda, ndawoloka Beitbridge usiku kangapo katundu ali pamutu. Koma tsiku lomwe anandipatsa kakhadi kolembapo deti, pa renki ya ku Randburg ndinakwera takisi ya ku Diepsloot m'malo mwa ya kwathu, n'kuzindikira titapita kutali. Sabata yomweyo ndinawotcha malaya a abwana ndi simbi, zomwe sindinachitepo chiyambire ntchito. Usiku mtima unkagunda ngati ng'oma ya tchopa. Ndipo ndivomere chinthu china chochititsa manyazi: ndinaimbira msungichuma wa kagulu kathu ka maliro kumufunsa ngati ndili ndi ngongole ya mwezi uliwonse. Msewu wa kwathu ndimaudziwa pamtima, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, mlatho wa Tete, Zobue, Mwanza. Usiku uliwonse ndinkayenda nawo m'maganizo, koma osati pampando wa basi. Ndinkadziona ndili m'kangolo kokokedwa kumbuyo.

Chomwe chandilembetsa kalatayi si mantha angawo. Ndi zomwe ife Amalawi timachita ndi munthu amene ali ndi mantha otere.

Lamulungu lina ndinapempha mapemphero kutchalitchi kwathu, komwe timasonkhana Amalawi. Anandipempherera bwino, sindikudandaula. Koma titatuluka panja, amayi anzanga anandizungulira, aliyense ndi maliro ake m'manja. Wina akuti mlamu wake analowa ku fiyeta akuyenda yekha, anatuluka atamufunditsa nkhope. Wina akuti anamva za munthu yemwe anadzuka mpeni uli mkati. Wina anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ife alendo kuno amatichotsa impso osatiuza. Mayi wina wachikulire, yemwe ndimamulemekeza ngati kholo, anati, "Mwananga, pakhosi sapasewera. Pitani kumsika wa azitsamba wa Faraday, kuli mankhwala osungunula zimenezi." Mawa lake ananditumizira botolo la madzi akuda bii, lokulungidwa m'nyuzipepala. Ndiye kunabwera foni ya amayi anga kuchokera kumudzi: azakhali ako anali nacho chithokomiro, ankangomanga mpango, anamwalira ndi ukalamba, iwe ukufuna mpeni wa chiyani?

Palibe mmodzi yemwe anandifunira zoipa, ndikudziwa. Kwathu kufotokozera munthu tsoka lomwe linagwera ena timakuyesa kumuchenjeza, mwinanso kumusonyeza kuti tili naye limodzi. Koma taganizani, Akonzi. Inu mwafotokoza nkhani yanu mphindi zitatu, mwakwera takisi, mwakaphika, mwagona. Ine nkhaniyo ndatsala nayo m'chipinda cha malata mpaka kucha. Ndipo pa amayi onsewo, alipo angapo amene anabereka ndi opaleshoni, ana awo akuthamanga pabwalo la tchalitchi pomwepo. Palibe anatchula zimenezo. Wochira sitimukumbuka, timakumbuka womwalira.

Aka ndi kachiwiri kundipatsa tsiku. Koyamba anandigoneka m'wodi miyezi iwiri yapitayo, ndinasala kudya usiku wonse, ndinavala kamwinjiro kotseguka kumbuyo kaja, ndinadikira mpaka 2 koloko masana. Kenako namwino anabwera kudzandiuza kuti kwabwera anthu ovulala pangozi, fiyeta yadzaza, ndidye ndizipita. Ndinalira mokweza, odwala anzanga mpaka kundiyang'ana. Komabe ulendo wolepherekawo unandipatsa chinthu chomwe ndikanapanda kugonako sindikanachipeza.

Madzulo a tsiku lomwe anandigoneka kunabwera dokotala wopereka mankhwala ogonetsa, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anakhala m'mphepete mwa bedi. Anandiuza kuti ndiyasamule, nditulutse lilime, ndiweramutse mutu kuyang'ana kudenga. Anafunsa ngati ndili ndi dzino logwedera kapena mano oikirira, ngati anandigonetsapo kale, ngati m'banja mwathu alipo yemwe mankhwala ogonetsa anamuvutapo. Atafika pa funso loti ndikumwa mankhwala anji, ndinati palibe. Anandiyang'ana osanena kanthu, ngati mmene ndimawayang'anira ana anga akamanama. Ndiye ndinaulula kuti mutu ukandiwawa ndimamwa Grand-Pa, ndiponso kuti botolo la ku Faraday lija ndinamwako masiku awiri ndisanachite nalo mantha. Sanandikalipire. Anafunsa kuti ndinamwa liti komaliza, n'kulemba. Anati mu Grand-Pa muli aspirin, yemwe amachititsa kuti magazi achedwe kuundana, ndipo pakhosi ndi malo omwe safuna magazi azituluka mwachisawawa. Za botolo anati iye sangadziwe zomwe zili mkatimo, choncho sangadziwenso mmene zingakumanirane ndi mankhwala ake m'thupi langa. Zonse ziwiri ndinasiya, pano mutu ukavuta ndi Panado basi.

Ndinali nditalemba mafunso atatu kuseri kwa lisiti la m'golosale, ndipo dzanja linkanjenjemera ndikulitulutsa m'chikwama. Loyamba, kodi ndidzadzuka? Lachiwiri, kodi ndingamve kuwawa ali pakati pong'amba? Lachitatu, mawu anga adzabwerera?

Pa awiri oyambawo anandifotokozera ntchito yake, yomwe ine sindinkaidziwa n'komwe. Ndinkaganiza kuti munthu amakubaya jakisoni n'kutuluka kukamwa tiyi, iwe n'kutsala ndi Mulungu wako. Ayi ndithu. Iye amakhala kumutu kwako kuyambira pogona mpaka podzuka, ntchito yake ndi imeneyo yokha. Pachala amakupanitsa kachipangizo koonetsa mpweya womwe uli m'magazi, pamkono lamba wa BP, pachifuwa timawaya toonetsa kagundidwe ka mtima. Mankhwala oyambira amalowera mu dripi, oyera ngati mkaka, ndipo akuti ena amamva kutentha pamkono asanagone. Ukagona amalowetsa kapaipi kukhosi kuti kazikupumitsa, n'chifukwa chake amafunsa za mano, n'chifukwa chakenso ambiri amadzuka kukhosi kukukanda. Mankhwala ogonetsawo sapereka kamodzi n'kusiya, amapitiriza mpaka madokotala atasoka. Sanandinamize kuti ngozi kulibe. Anati kudzuka pakati kumachitika mwa apo ndi apo kwambiri, ndipo zomwe amayang'anitsitsa nthawi yonseyo ndi zimenezo.

Anandiuzanso chifukwa chosala kudya. Ine ndinkayesa ndi mwambo chabe wa chipatala. Munthu akagonetsedwa, thupi limaiwala kutseka njira, ndiye chakudya chomwe chili m'mimba chikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo. Kungodziwa chifukwa chake kunandichotsera maganizo omwe ndinali nawo obisa kabanzi pansi pa pilo.

Funso lachitatu ndi lomwe limandipweteka kwambiri, ndipo amene sandidziwa angaliseke. Ndine woyambitsa nyimbo mu Mvano. Kuyambira ndili mtsikana ku Mulanje, pamaliro, paukwati, pamsonkhano, amayi amayang'ana ine kuti ndiponye mawu oyamba. Kuno ku Joni, komwe sabata yonse ndimakhala chete m'nyumba ya eni ndi mopu m'manja, kuyimba Lamulungu ndi pokhapo pomwe ndimamva kuti ndine munthu wa kwinakwake. Dokotala wong'amba anajambula khosi papepala n'kundionetsa kuti kuseri kwa chithokomiro, mbali zonse ziwiri, kumadutsa kamtsempha kopyapyala komwe kamayendetsa mawu. Anati amakafufuza kaye n'kukateteza asanadule chilichonse. Anati mawu akhoza kusasa kwa masabata angapo, kwa ochepa sabwereranso mwakale, ndipo oyimba ena amavutika kukweza mawu m'mwamba. Sanandilonjeze kanthu. Chodabwitsa n'chakuti usiku umenewo, pabedi la chipatala, magetsi akuyaka, wina akubuula pakona, ndinagona tulo tomwe sindinagone kwa mwezi wathunthu. Onse amene ankati zonse zikhala bwino sanandigoneke. Anandigoneka ndi munthu yemwe anandiuza choopsa chenicheni, kukula kwake ndi pomwe chili.

Pali kanthu kena komwe ndikufuna anzanga akuno amve. M'wodimo namwino aliyense wobwera ankandifunsa dzina, tsiku lobadwa, ndi opaleshoni yomwe ndabwerera, n'kuyang'ana kalamba ka pamkono. Kachitatu mtima unandilumpha. Masiku ano pomwe pamageti a makiliniki ena pamaima magulu ofunsa ma ID, mlendo akafunsidwa dzina kawiri amayamba kuganiza za pasipoti. Ndinafunsa namwino wina mwa Chizulu changa chothyokathyoka ngati pali vuto ndi mapepala anga. Anaseka n'kundiuza kuti amafunsa aliyense, ndipo adzandifunsanso pakhomo la fiyeta ngakhalenso mkati ndisanagone. Mwana wanga wamkazi, yemwe akuphunzira unamwino kumudzi, anandiuza kuti ndi ndondomeko yomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa mu 2008, yoti asanang'ambe munthu atsimikize kuti ndi yemweyo, opaleshoni ndi yomweyo, malo ndi omwewo, ndipo asanatseke bala awerenge zipangizo ndi nsalu zonse. Ine ndinataya theka la tsiku ndikuopa chinthu chomwe anachiika kuti chinditeteze.

Safunsa anadya phula, koma ife tikafika pamaso pa dokotala timangoti yes doctor, n'kusaina pepala lomwe sitinalimve. Ena timaopa kuti tikafunsa zambiri atiuza kuti bwererani kwanu. Lamulo la zaumoyo la dziko lino, National Health Act la 2003, limati wachipatala afotokozere wodwala za matenda ake, njira zomwe zilipo ndi kuopsa kwake, ndipo pomwe n'kotheka achite zimenezo m'chilankhulo chomwe wodwalayo akumva. Chichewa mwina simuchipeza m'wodi, koma mukhoza kupempha kuti abwereze pang'onopang'ono, kapena kutenga mnzanu wodziwa Chingerezi tsiku losaina.

Mwana wanga yemweyo ananditumiziranso chinthu chomwe poyamba ndinamukalipira nacho. Ndi kafukufuku yemwe anatuluka mu 2018 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, motsogozedwa ndi dokotala wa ku yunivesite ya Cape Town. Anatsatira odwala 11,422 omwe anachitidwa maopaleshoni osiyanasiyana m'mayiko 25 a mu Africa, oposa theka adzidzidzi. Mwa amenewa 239 anamwalira, anthu awiri pa 100 alionse. Ndinati iwe mwana, nawenso wayamba kundiwerengera maliro? Iye anati, "Amayi, werengani pansipo." Mwa 239 aja, 225 anamwalira tsiku la opaleshoni litadutsa kale. Si patebulo ayi, ndi m'wodi, pomwe vuto limayamba pang'onopang'ono koma ogwira ntchito ndi ochepa moti silionedwa msanga.

Pamenepo ndinazindikira kuti mantha anga ndinawaika pamalo olakwika. Ndinkaopa maola awiri kapena atatu omwe ndidzakhale ndi gulu lonse la anthu ophunzira akundiyang'anira ine ndekha. Pomwe pakufunika maso ndi pambuyo pake. Pa opaleshoni yangayi anandiuza zizindikiro ziwiri. Khosi likayamba kutupa msanga kapena kupuma kukayamba kuvuta, makamaka tsiku loyamba, ndiye kuti magazi akusonkhana mkati, ndiitane namwino nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche. Milomo ndi zala zikayamba kuchita dzanzi, ndiye kuti mchere wa calcium watsika m'magazi, chifukwa tiziwalo tinayi tating'ono tomwe timamuyendetsa tili kuseri kwa chithokomiro momwemo ndipo timasokonezeka tikakhudzidwa. Zonse ziwiri zili ndi chithandizo zikadziwika msanga.

Apa m'pamene ndimasowa kwathu. Ndinakhalapo gadiyani wa achemwali anga ku Gulupu, masabata atatu. Ndinkawasambitsa, kuwaphikira phala, kuwatembenuza, ndipo usiku wina ndine ndinathamangira namwino nditaona kuti thupi latentha. Kuno gadiyani kulibe. Pali nthawi yoonera odwala, ikatha belu, onse panja. Ndiye anzanga, m'malo mondibweretsera nkhani za amalume anu, bwerani pa nthawi imeneyo. Mudzandiyang'ane pakhosi. Mudzandifunse ngati zala zili bwino. Ngati mawu adzakhale atasasa, mudzandiyankhulire kwa namwino. Ndapempha amayi anayi kuti asinthane masiku, ndipo mnzanga wa ku Machinga, Msilamu yemwe amagulitsa m'shopu ku Fordsburg, ndiye anayamba kuvomera, n'kunena kuti Loweruka ndi lake. Sananene china chilichonse, anangofunsa nambala ya wodi.

Sindikunama kuti mantha atha. Kukanakhala kuti atha sibwenzi ndikulemba nthawi ino. Koma ndapeza pogwira. Ndinatuluka kaye m'magulu awiri a WhatsApp omwe m'mawa uliwonse mumakhala chithunzi cha bokosi ndi pempho la zopereka. Ndinasiya kufufuza pa YouTube, nditaonera kanema wa opaleshoni yomweyi mpaka pakati n'kusanza. Musayese, khosi lotsegula si loonera mwini wake. Tiyi wa madzulo ndinamusiya, zomwe kwa mwana wokulira m'minda ya tiyi ndi chilango, koma mtima unachepako kuthamanga. Za kuthamanga kwa mtimako ndinafunsanso, chifukwa chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola muyeso chimathamangitsa mtima, kutulutsa thukuta ndi kusowetsa tulo. Anayeza magazi n'kupeza kuti changa chili bwino kumbali imeneyo, ndiye zanga ndi nkhawa basi. Ikandigwira usiku ndimakhala tsonga, ndimakoka mpweya ndikuwerenga mpaka folo, n'kuutulutsa pang'onopang'ono mpaka sikisi, kakhumi kapena kupitirira. Woyimba aliyense amadziwa kupuma kotere, kungoti sindinkadziwa kuti ndi mankhwala. Dokotala wogonetsa uja anatinso m'mawa wa tsikulo nkhawa ikadzakula ndidzanene, alipo mankhwala okhazika mtima pansi omwe amapereka, si chinthu chochita nacho manyazi.

China chomwe chinandithandiza ndi kukonza zinthu zanga, ngakhale ena anati ndikudziitanira imfa. Ndinalipiriratu lendi ya mwezi wamawa. Ndinakhala pansi ndi madamu n'kuwauza zonse, ndipo tinawerengera limodzi masiku odwala: lamulo la kuno limapereka masiku ofanana ndi omwe umagwira m'masabata 6 pa zaka zitatu zilizonse, ndiye kwa ine wa masiku anayi ndi 24, olipidwa. Ambiri a ife sitidziwa, timabisa matenda kuopa kuchotsedwa ntchito, nkhawa n'kukhala ziwiri. Ndinalemba m'kope komwe kuli pasipoti, khadi la kubanki, ndi anthu omwe ndili nawo ngongole, n'kupereka kwa mchimwene wanga ku Tembisa. Nditatseka kopelo msewu wa Tete uja unasiya kundibwerera usiku uliwonse. Umabwera mwa kamodzikamodzi.

Mayi wina anandiuza kuti mantha angawa akusonyeza kuchepa kwa chikhulupiriro. Mawu amenewo anandibaya kuposa nkhani zonse za maliro zija, chifukwa anandisiya ndi mantha omwewo n'kundiwonjezera mlandu. Ndinamuyankha kuti Ambuye athu omwe, usiku womwe ankadziwa zomwe zikubwera m'mawa, sanagone, ndipo chomwe anapempha kwa anzawo ndi kuti akhale nawo maso. Sanawapemphe ulaliki. Ndimapemphera m'mawa ndi usiku, ndipo ndimanjenjemerabe. Abusa ndi atsogoleri a amayi, chonde muziwauza anthu kuti ziwirizi zimakhalira limodzi.

Amayi anga kumudzi sindinawagonjetse. Akuti adzasala kudya Lachisanulo, ndipo ndawauza kuti tidzasala tonse, ine mokakamizidwa. Anaseka, koyamba chiyambire nkhaniyi.

Chikwama ndalongedza kale: zitenje ziwiri, bulauzi ya mabatani kutsogolo chifukwa akuti zovala zodutsa kumutu zidzandivuta, tchaja, kope ndi bolopeni zolembera ngati mawu adzakane, ndi lisiti latsopano lomwe kuseri kwake ndalembako mafunso ena awiri, lina la mapiritsi omwe akuti ndidzamwa tsiku lililonse ngati achotse chithokomiro chonse. Lamulungu lapitali, anthu atabalalika, ndinatsalira m'tchalitchi ndi foni n'kudzijambula ndikuyimba nyimbo zitatu, imodzi ya maliro, imodzi ya ukwati, ndi ina yomwe ndinkagonekera ana. Ndatumiza kwa mdzukulu wanga ku Blantyre, amayi ake akuti akuibwereza mpaka foni kuzima. Alamu ilira 4:30, takisi yoyamba siidikira munthu, ndilekeze pomwepa.

Mayi wa ku Mulanje,
Cosmo City, Johannesburg